Ndikhale pa yunivesite kapena nditenge ntchito ya bungwe? Funso la Tawonga

Tawonga: Monire mose, mwaswera bwanji akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndinamaliza digiri ya masamu ndi makompyuta chaka chatha. Pano njira zagawikana pawiri. Bungwe lina la zaulimi likufuna munthu wosamala deta ya mapulojekiti awo, malipiro ake ndi abwino, kontirakiti ya zaka ziwiri. Kwinaku a dipatimenti yomwe ndinaphunzira andiuza kuti malo a staff associate, omwe ndi oyambirira kwa aphunzitsi a pa yunivesite, akatuluka ndidzalembe kalata. Mtima wanga uli pa kafukufuku, makamaka wogwiritsa ntchito kompyuta pounika za mvula, madzi ndi nkhalango. Koma kwathu ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, ndine woyamba kubadwa, ang'ono anga awiri ali ku sekondale. Amene munadutsa njira imeneyi ndiuzeni zoona, ngakhale zowawa.

Fumbani: Achemwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito ya bungweyo ilipo lero, malo a ku yunivesitewo sanatuluke n'komwe. Tengani, mulipirire ana fizi. Ine ndinayesa njira ya kafukufuku, ndinaisiya, ndipo sindidandaula.

Lusungu: A Fumbani tadikirani kaye, amve mbali zonse. A Gondwe muli pafupi?

a Gondwe: Ndilipo mayi. Ndimafuna ndimalize kaye mulu wa mapepala uli patebulo panowu, koma funsoli ndi lalikulu. A Tawonga, ndaphunzitsa pa yunivesite zaka zoposa 15, ndiye ndikuuzani momwe makwerero ake alili. Staff associate ndi khomo chabe, si malo okhazikikapo. Amakulembani poyembekezera kuti mupita kukachita masitazi. Mukabwera nayo ndi pomwe mumakhala lecturer. Kuti mukwere kukhala senior lecturer, kenako associate professor ndi professor, sayang'ana kuti mwaphunzitsa ana angati. Amawerenga mapepala a kafukufuku omwe mwasindikiza m'ma journal (magazini a kafukufuku) odziwika, ophunzira a masitazi ndi PhD omwe mwawayang'anira, ndi ndalama za kafukufuku zomwe mwabweretsa. Popanda PhD simupita patali.

Chowawa chake ndi nthawi. Semesita yathayi ndinali ndi makalasi anayi, imodzi ya ophunzira oposa 200. Kuchonga kokha kunanditengera masabata atatu. Kafukufuku wanga ndimapanga kuyambira 4 koloko m'mawa mpaka ana atadzuka, komanso nthawi ya tchuthi. Amene amakuuzani kuti mphunzitsi wa pa yunivesite amakhala pansi n'kumaganiza tsiku lonse sanalowemo. Koma ndikadzuka m'mawa chonchi ndimakhala ndikugwira funso langa, lomwe ndinalisankha ndekha, ndipo palibe amene angandiuze kuti pulojekiti yatha tisiye. Chimenecho ndi chomwe chandisunga.

Tawonga: Zikomo a Dokotala. Nkhawa yanga ina ndi zipangizo. Laputopu yanga ndi yakale, batire yake imatha pakangopita mphindi 40. Mwezi watha ndinaisiya usiku ikuwerengera deta ya mvula, magetsi anathima cha m'ma 2 koloko, m'mawa ndinapeza zonse zafufutika. Kodi munthu angapange kafukufuku wamtunduwu ali ku Mzuzu?

Wongani: Apa ndilowepo. Ndili chaka chachitatu cha PhD ku South Africa, ndikugwira za ma model a zanyengo. Tawonga, tinali limodzi ku sekondale, ndiye ndikuuza mosabisa: makina akuluakulu si vuto lako lalikulu. Ntchito zanga zolemera sindiziyendetsa pa laputopu. Ndimalowa pa intaneti m'makina a CHPC, likulu la makompyuta amphamvu ku Cape Town, kuli kompyuta yaikulu yotchedwa Lengau yomwe anaikhazikitsa mu 2016. Ndimatumiza ntchito pa mzere, n'kutseka laputopu. Makinawo amapitiriza okha. Mu Disembala ndinali kwathu ku Katoto, ndinatumiza ntchito ndi bandulo ya pafoni, chifukwa zomwe zimadutsa ndi malemba chabe. Chofunika ndi kukhala m'gulu la kafukufuku lomwe lili ndi chilolezo cholowa. Za kufufutikazo, lemba pulogalamu yako kuti izisunga pomwe yafika ikangoyenda pang'ono, magetsi akabwera izipitirira pomwepo.

Koma ndikufotokozere chomwe chinanditsegula maso. Ma model a zanyengo a dziko lonse amadula dziko m'mabokosi, ngati momwe timadulira malo m'mapuloti. M'bokosi lililonse kompyuta imawerengera kutentha, mphepo ndi chinyezi, n'kusuntha nthawi pang'ono, n'kuwerengeranso, mobwerezabwereza mpaka zaka 100 zitakwana. Anayala maziko a zimenezi ndi anthu ngati Syukuro Manabe ndi Klaus Hasselmann, omwe analandira mphotho ya Nobel mu 2021. Tsono m'ma model ambiri bokosi limodzi limakhala makilomita 100 kapena kuposerapo mbali iliyonse. Taganiza: Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, nyanja ku Nkhata Bay ili pa mamita pafupifupi 474, ndipo pamsewu ndi makilomita pafupifupi 50 basi. Malo awiriwa angathe kugwera m'bokosi limodzi. Iwe ukudziwa kuti mu Juni kuno timavala majuzi awiri pomwe ku Nkhata Bay ana akusambira. Model siidziwa. Ngakhale ma model a CORDEX, omwe anachepetsa mabokosi a Africa kufika pa makilomita pafupifupi 50, phiri la Kaning'ina amaliona ngati chulu. Ntchito yotsitsa zimenezi kuti zifike pa dera lathu ikusowa anthu, ndipo imafuna munthu amene amadziwa khodi (kulemba mapulogalamu a kompyuta) komanso amadziwa malowo.

Chimwemwe: Ndine mphunzitsi wa Geography ku sekondale, ndikutsatira mwachidwi. Ndiye poti setilaiti ilipo, bwanji osangogwiritsa ntchito imeneyo?

Wongani: Timaigwiritsa ntchito kwambiri aphunzitsi, ndipo zambiri ndi zaulere. CHIRPS imapereka mvula ya tsiku ndi tsiku kuyambira 1981, mabokosi ake pafupifupi makilomita 5. ERA5, deta ya zanyengo yopangidwa ndi model ya ku Ulaya, imabwerera mpaka 1940. Zithunzi za masetilaiti a Landsat zinayamba mu 1972 ndipo zakhala zaulere kuyambira 2008. Sentinel-2 imaona mpaka mamita 10. Zonsezi munthu angazisanthule pa Google Earth Engine osatsitsa zithunzizo pa kompyuta yake. Koma setilaiti siyeza madontho ofika pansi. CHIRPS imayang'ana kuzizira kwa nsonga za mitambo, n'kuyerekeza mvula, kenako n'kuwongola ndi manambala a zoyezera mvula zapansi. Kamvula kathu kowaza kochokera ku mitambo yotsika, kamene kamatha tsiku lonse, setilaiti imavutika nako. Pamene zoyezera zapansi zili zochepa, chowongolera chimasowa.

NyaMhango: Ana inu mwandikumbutsa bambo anga malemu. Anali kapitawo pa munda wina wa khofi kunja kwa mzinda uno. Panali choyezera mvula chamkuwa pa kamtengo pakati pa bwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse 8 koloko amapita ndi kagalasi kake kolembedwa mamilimita, kuthira madziwo, kukweza kagalasiko kufanana ndi maso, n'kulemba m'buku lachikuto cholimba. Tsiku lopanda mvula amalemba ziro, samasiya mpata. Ankati mpata ndi ziro n'zosiyana, mpata ukutanthauza kuti sunapite. Akadwala amatuma ine. Ndikukumbukira mwezi wina kagalasi katasweka, analemba pamwamba pa tsamba ndi inki yofiira kuti manambala a mwezi umenewo ayezedwa ndi botolo, asawakhulupirire kwambiri. Mabukuwo alipo asanu ndi limodzi, zaka zoposa 20, ali m'sutukesi kwathu ku Zolozolo. Limodzi chiswe chinadya m'mphepete. Sindinkadziwa kuti angakhale ndi ntchito.

Wongani: Amama, chonde asaloweko chiswe kachiwiri! Zimenezo ndi zomwe timasowa. Ndi mabuku amenewo munthu angayese ngati CHIRPS imanena zoona pa dera limenelo, mwezi uti imaphonya, ndipo imaphonya ndi mamilimita angati.

a Gondwe: Ndi masitazi yathunthu imeneyo, ngati ataiphatikiza ndi manambala a nthambi yoona zanyengo.

Fumbani: Ndiye poti mwafika pa deta, ndinene chomwe chinandichotsa. Nditamaliza digiri ndinalembedwa ganyu ndi gulu lina la akafukufuku ochokera kunja. Miyezi isanu ndi itatu ndinayenda m'midzi yozungulira nkhalango ya Viphya, panjinga yamoto, mvula ikundithera pathupi. Ndinayeza mitengo, ndinacheza ndi owotcha makala m'Chitumbuka, ndinamasulira, ndinalowetsa zonse mu kompyuta. Malo oyezera ena ndinawasintha ndine, chifukwa mapu awo amaonetsa nkhalango pomwe panali chimanga. Patapita zaka ziwiri mnzanga ananditumizira pepala lomwe anasindikiza. Mayina asanu pamwamba, langa mulibe. Ndinalipeza kumapeto, m'kachigawo kothokoza, pamodzi ndi dalaivala. Anayi mwa asanuwo anapeza nalo PhD kapena kukwezedwa. Ine ndinatsala ndi alawansi yomwe inatha mwezi womwewo.

Lusungu: Pepani achimwene. Zimenezi zachitikira anthu ambiri, ndipo si zachilungamo.

a Gondwe: A Fumbani anakulakwirani, ndipo sindichepetsa. Masiku ano ma journal ena akuluakulu amafunsa ngati akafukufuku a m'dziko lomwe deta inachokera ali pa mndandanda wa olemba, koma kudalira chifundo cha ena sikokwanira. Ine ndimauza ophunzira anga zinthu ziwiri. Nkhani ya mayina muikambirane ndi kuilemba musanakwere njinga yamotoyo. Chachiwiri ndi chimene chikukhudza a Tawonga mwachindunji. M'kafukufuku wa masiku ano amene amatolera deta amathokozedwa, amene amaisanthula ndiye amalemba dzina. Kwa zaka zambiri ife takhala otolera. Deta imakwera ndege, imakasanthulidwa kwina, imabwera ngati lipoti. Munthu wodziwa zinenero zolembera khodi monga Python kapena R, wodziwa masamu a kusanthula, amene angathe kuyendetsa model yekha, sangamuike m'kachigawo kothokoza chifukwa popanda iye pepala kulibe. N'chifukwa chake ndikamva mwana wa masamu ndi makompyuta akufuna za chilengedwe, sindifuna kuti atayike.

Fumbani: Ndikumva a Dokotala. Koma mawu amenewo salipira fizi ya ang'ono ake.

Chimwemwe: Inenso ndili ndi funso lolimba, mundikhululukire. Chaka chilichonse mvula ikalimba timamva nyumba zagwa ku Masasa ndi kwina kotsetsereka. Mitengo ku Kaning'ina ikutha tikuona, pomwe ndi kumene kumachokera madzi a damu la Lunyangwa omwe tonse timamwa. Chikangawa inali mahekitala pafupifupi 53,000, aliyense wodutsa pa M1 amaona chomwe chatsala. Kodi zimenezi zimafuna PhD kuti tizidziwe? Mapepala anu amatithandiza chiyani ife?

Wongani: Funso lanu ndi loyenera aphunzitsi. Kuti mitengo ikutha aliyense akuona. Koma kuti mahekitala angati atha chaka chiti, mbali iti, ndipo matope olowa m'damu achuluka motani chifukwa cha zimenezo, maso okha sangakuuzeni. Ndi manambala amenewo omwe amasankhitsa pomwe ndalama zochepa ziyambire. Ndipereke chitsanzo cha nyanja. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Shire amatuluka m'nyanja. Madzi ambiri a nyanja amauluka ngati nthunzi, otuluka mu Shire ndi ochepa poyerekeza. Ndiye mvula ikangochepa pang'ono kapena kutentha kukakwera, Shire ndi amene amamva kwambiri. Zinachitikapo kale: kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika moti Shire anasiya kutuluka. Mu 2024 zinali zosiyana, nyanja inadzaza n'kulowa m'malo ogona alendo. Amene amatsegula ndi kutseka zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde akusowa kudziwa miyezi ingapo patsogolo kuti madzi abwera ochuluka bwanji, ndipo gawo lalikulu la madziwo limachokera kumpoto kuno, mu South Rukuru, Songwe, ndi Ruhuhu ya ku Tanzania. Mvula ya kuno ndi magetsi a ku Blantyre. Kuwerengera zimenezo ndi ntchito ya model.

a Gondwe: Ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi, tonse tikukumbukira mdima wake. Freddy mu Malichi 2023 anatisiyira maliro osawerengeka kum'mwera. Funso loti milatho ndi ngalande tizimange poyembekezera mvula yaikulu bwanji ndi funso la masamu. Komabe aphunzitsi akunena zoona pa mbali imodzi. Mapepala athu ambiri amathera pa shelefu, m'Chingerezi cholimba chomwe ngakhale khansala sangawerenge. Mlandu umenewo ndi wathu, ine ndemwe ndili nawo. Kukwezedwa kumawerenga journal, sikuwerenga msonkhano wa kwa mfumu.

Chimwemwe: Yewo a Dokotala povomera. Mapu a Kaning'ina akadzapezeka ndidzawafuna m'kalasi mwanga.

Lusungu: Tawonga mng'ono wanga, ndiyankhe za ndalama ndi za ife amayi, poti abambowa sanazikhudze. Masitazi usalipire wekha. Ine ndinachita yanga kunja ndi thandizo lathunthu. Poti ndiwe wa masamu, yang'ana AIMS, sukulu ya masamu ya ophunzira a mu Africa. Inayamba mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town, pano ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Maphunziro ake satha chaka, ndipo akakutenga amalipira sukulu, pogona ndi chakudya. Ku Trieste m'dziko la Italy kuli ICTP, malo a kafukufuku wa sayansi omwe katswiri wa fizikisi Abdus Salam anayambitsa mu 1964, ali ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya za nyengo ndi dziko, ndipo RegCM, model ya zanyengo za chigawo, imasamalidwa kumeneko. Kulinso thandizo la maphunziro la Commonwealth, ndi la DAAD ya ku Germany. Ukadzafika pa PhD, OWSD imathandiza amayi a sayansi ochokera m'mayiko ngati lathu.

Koma uwerengere zaka. Masitazi chimodzi kapena ziwiri, PhD zitatu mpaka zisanu. Zimagwera nthawi yomwe azakhali ayamba kufunsa za banja. Ine ndinasiya mwana wa zaka ziwiri ndi amayi anga ku Ekwendeni. Amandiitana pafoni kuti anti kwa miyezi ingapo nditabwera. Sindinong'oneza bondo, koma palibe amene anandichenjeza, ndipo ndikufuna iwe ulowe ukudziwa. Ukambirane ndi a kwanu poyera, uwauze kuti zaka zoyambirira thandizo lako lidzakhala lochepa.

Tawonga: Achemwali mwandikhudza. Amayi ndinawauza pang'ono, anangoti Mulungu atsogolere, koma nkhope yawo ndinaiona.

Lusungu: Ubwererenso ukakhale nawo pansi, ndi manambala papepala. Fizi ya anawo pa temu, malipiro a uku, malipiro a uko.

a Gondwe: Ndiwonjezere za kusindikiza, poti ambiri amagwera m'mbuna pamenepa. Ma journal ambiri amalipiritsa m'madola, ena kupitirira 2,000 pa pepala limodzi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo inakhala yosatheka kwa mphunzitsi. Koma Malawi ali pa mndandanda wa Research4Life, ndiye mayunivesite athu amawerenga ma journal ambiri mwaulere, ndipo osindikiza ambiri amachotsa malipiro mukapempha musanatumize pepala. Chenjerani ndi ma imelo okutamandani, olonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira madola 100. Pepala lenileni limawerengedwa ndi akatswiri ena, limabwezedwa ndi zokonza, limatenga miyezi. Ndinaona mnzanga wina atabwezedwa pa kukwezedwa chifukwa mapepala ake atatu anali m'ma journal otere.

Fumbani: Ndinene chimodzi chokomera mbali yanga, kenako ndikhala chete. Ku bungwe ndaphunzira zomwe ku sukulu sindinaphunzire. Deta yauve, mayina a midzi olembedwa mitundu inayi, manambala a GPS ogwera pakati pa nyanja. Ndi pomwe ndinadziwira QGIS, pulogalamu yopangira mapu, bwinobwino. Zaka ziwiri kumeneko si zotayika.

Wongani: Pamenepo ndikugwirizana nanu achimwene. Ndipo amene amasankha anthu a masitazi ndi PhD amafuna kuona chomwe munthu wapanga ndi manja ake. Khodi yoikidwa pa GitHub, tsamba la intaneti losungira khodi, kalipoti kamodzi kosonyeza funso, deta ndi yankho. Zimenezo zimalemera kuposa kalata yonena kuti ndimakonda chilengedwe. Choopsa cha bungwe ndi kuzolowera. Galimoto, alawansi, ngongole ya ku banki, ndipo zaka zisanu zimadutsa masamu atazizira m'mutu.

a Gondwe: A Tawonga, maganizo anga ndi awa, mukhoza kuwakana. Malo a staff associate sanalengezedwe, ndiye simukukana chilichonse. Tengani kontirakiti ya bungweyo, muthandize ana. Koma musanasaine, funso lanu la kafukufuku likhale litalembedwa pa tsamba limodzi, ndipo Loweruka lililonse likhale lake. Makalata a AIMS ndi ICTP mutumize chaka chino chomwe, osadikira kontirakiti kutha. Malo a ku dipatimenti akatuluka mulembenso. Kalata yokuchitirani umboni ndidzalemba ngati nditaona ntchito ya Lowerukayo ikuyenda.

Tawonga: Ndamva a Dokotala, zikomo kwambiri. Funso langa ndikuganiza kuti lapezeka usiku uno. Ndikufuna kuyerekeza mabuku a agogo malemu ndi CHIRPS, mwezi ndi mwezi, kenako ndione ngati kuphonyako kumakula m'miyezi ya kamvula kowaza. Za Kaning'ina zidzabwera pambuyo. Ndinayesapo zithunzi za Sentinel-2 koma miyezi yambiri ndi mitambo yokhayokha.

Wongani: Pamenepo udzagwiritse Sentinel-1, ndi ya radar, imaboola mitambo. Ndikutumizira khodi yanga yotsitsira CHIRPS kumbali. Chinthu choyamba upeze manambala a GPS a pomwe panali choyezera chija, apo ayi uyerekeza ndi bokosi lolakwika.

NyaMhango: Pamalopo ndikupadziwa bwino mwana wanga, kamtengo kake mwina kadakalipo, ndidzakuperekeza. Mabuku sindikupatsa kuti utenge, ndi chikumbutso cha bambo anga. Ubwere uzijambula masamba ndi foni konkuno. Ndipo dzina lawo lidzalembedwe pomwe pakuyenera.

Tawonga: Lidzalembedwa amama, ndipo ndidzakuonetsani pepala lisanapite kulikonse. Loweruka lino ndingabwere nthawi yanji?

NyaMhango: Ndikachoka ku kwaya, cha m'ma 10. Utsike pa siteji ya Zolozolo undiimbire, nditumiza mdzukulu adzakutenge. Ubwere ndi tchaja, masamba ndi ambiri.

Fumbani: Ndili ndi sikana yaing'ono kunyumba, imajambula bwino kuposa foni. Ndidzaisiya kwa a Chimwemwe Lachisanu madzulo.

Chimwemwe: Bweretsani, ndidzapita nayo ndekha ku Zolozolo. Ndikufuna ndione tsamba la inki yofiira lija.